Pamene Denga Linkadonthera

Gaudenz akuti munda uwu ndi wamakani.
Chaka ndi chaka khasu la thirakitala yake
limaguluka mano pamalo amodzimodzi,
kuseri kwa mtengo wa maapozi.
Bambo ake ankangopalambalala.

Tinafika mu Epulo, chipale chisanasungunuke m'mapiri,
anthu asanu, tenti imodzi, zingwe ndi zikhomo.
Sabata yachitatu mwala uja unasanduka ngodya,
ngodya inasanduka khoma,
khoma linapinda chigongono chakum'mawa,
ndipo Regula, amene salankhula asanamwe khofi,
anati: tchalitchi.

Kakang'ono. Ng'ombe khumi ndi ziwiri zingadzazemo.
Mwala wa pakhomo unadyeka pakati;
mapazi a zaka mazana anayi
anaunyambita ngati mchere wa ziweto.

Usiku ndimawerenga kaundula wa amonke
amene nyumba yawo inali tsidya la mtsinje,
ulendo wa theka la tsiku pa ngolo.
Sankaiwala, anthu a Mulungu aja.
Mudzi uno: matumba asanu ndi anayi a tirigu,
tchizi makumi atatu, sera ya makandulo,
mazira zana pa Pasaka,
masiku atatu omweta udzu m'dambo la amonke.
Wina dzina lake Luzi anapereka nkhuku yowonda.
Zinalembedwa. Inki yake ikadali bii.

Za ana awa mulibe ngakhale mzere.

Ndinawapeza Lachinayi, kunja, mogundana ndi maziko.
Poyamba ndinkayesa minga ya nsomba.
Ndinaika pansi chitsulo, ndinatenga burashi,
kenaka kamtengo kotokosera mano,
kenaka mpweya wa m'kamwa mwanga wokha.
Chigaza chopyapyala ngati chikhungwa cha dzira.
Nthiti zonse zokwana pachikhatho.
Wina pambali pake. Wina pamwamba pa winayo.
Pofika Loweruka, makumi awiri ndi atatu,
andanda m'mbali mwa khoma ngati ana a nkhuku pamvula.

Nthayo, ndi ena amene analira kamodzi n'kuleka
madzi a ubatizo asanafike.
Manda odalitsidwa anawatsekera chipata.
Ndiye wina ankabwera mdima utagwira,
kamtolo m'kati mwa chikhotho,
n'kukumba msangamsanga
pamene denga linkadonthera,
kuti mvula yotsika pa nyumba yoyera
ichite zimene wansembe anakana.

Regula akuti tisafulumire,
mwina panali pofewa pokumba basi.
Ndimalemba mawu akewo m'kope.
Koma mmodzi mwa iwo ali ndi mkanda wagalasi pakhosi,
wobiriwira, umodzi wokha,
ndipo munthu wongofuna pofewa
savula mkanda wake usiku.

Masana a Lolemba kunachita mdima ku phiri.
Tonse tinathamangira mapepala a pulasitiki,
miyala yopsinjira, ndowa, makamera.
Ine ndinachedwa dala, ndivomere.
Ndinaima ndi pepala m'manja
mpaka madontho oyamba atawapeza,
tho, tho, pa timafupa ta pachipumi,
denga palibe, wansembe palibe,
Regula akukuwa dzina langa.

Gaudenz anabwera madzulo ndi galu wake.
Anayang'ana nthawi yaitali. Anavula chipewa.
Anati Mengia, mkazi wake, anataya mmodzi,
chaka chomwe anagula thirakitala yakale ija.
A kuchipatala sanawaonetse.
Mpaka lero sadziwa anamuika kuti.
Anavalanso chipewa, n'kufunsa
ngati tidzakhala titachoka pofika nthawi yofesa.

Tidzakhala titachoka.
Ana ali m'timabokosi, aliyense ndi nambala yake,
yolembedwa ndi dzanja langa, inki yakuda,
mosamala ngati mmonke wowerenga mazira.
Wa mkanda uja ndi khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ali pashelefu yachitatu, m'chipinda chapansi,
mumzinda, mouma gwa,
momwe denga lake silidontha.